Kupakiza M'munda wa Sukulu

Awa ndi mau amene mlangizi wa za maphunziro adalankhula pa msonkhano wa mafumu, makolo ndi aphunzitsi ku Nsambe, m'boma la Neno. Tawasindikiza onse kuti a m'midzi yina amve nawo. Amene adziwa kuwerenga awerengere anzawo.

 Ndidziwa kuti ena mwasiya makasu m'minda ya mbatata, ena mwakwera ndi kutsika mapiri kuyambira mbandakucha. Tsono sindifuna kukutayitsani nthawi. Nkhani imene ndabwera nayo ndi imodzi yokha, ndiyo ya ana athu amene akhoza mayeso a Fomu 4, nasankhidwa kupita ku koleji, koma nabwerako chimanjamanja maphunziro asanathe. Tifunsane lero kuti vuto limeneli lichokera kuti, ndipo tichitenji kuti lichepe.

MNYAMATA AMENE ADABWERA USIKU

Zaka zapitazo ndinali mphunzitsi pa sukulu yina ya sekondale yoyendera. Ndidaphunzitsa mnyamata wina wanzeru, waulemu, wosajomba. Adakhoza bwino mayeso a MSCE, ndipo adasankhidwa kukaphunzira za umisiri. Tsiku limene mbiri idafika, mudzi wonse udamva nthungululu za mayi ake. Bambo ake adagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba a mbatata, nagula sutikesi, bulangeti ndi nsapato. Tonse tidamperekeza mpaka pamseu.

Chitatha chaka, mnyamata uja adabwera kwawo usiku kuti anthu asamuone. M'thumba mwake munali kalata yonena kuti walephera masamu ndi fizikisi, ndipo wachotsedwa. M'mudzi mudamveka zambiri. Ena adati walowerera ndi mowa wa m'tauni. Ena adati ndi atsikana. Ena adanong'onezana kuti alipo amene adampita pansi chifukwa cha nsanje.

Ine ndidapita kukakhala naye pakhonde. Atakhala chete nthawi yaitali adati, "Aphunzitsi, mowa sindimwa. Koma tsiku loyamba lenileni, wotiphunzitsa masamu adalemba pabolodi nanena kuti, izi mudazichita kale ku sekondale, tiyeni tipitirire. Anzanga adavomera. Ine zinthuzo ndinali ndisanazionepo. Ndidachita manyazi kufunsa. Pofika mwezi wachitatu ndinkangokopera zolembedwa monga munthu wojambula maluwa."

Ndidasowa chonena. Pakuti ndidakumbukira kuti chaka chimene iye anali Fomu 3, sukulu yathu idakhala miyezi yambiri popanda mphunzitsi wa masamu. Ifeyo tidalumpha mitu yovuta ija, ndipo mayeso atayandikira tidawaloweza mafunso a zaka zakale. Adakhozadi, koma pansi pa kukhozako panali dzenje. Mnyamata uja lero ali kugulitsa mbatata, ndipo palibe amene angamnyenge pa sikelo. Koma dziko lidataya mmisiri, ndipo ine sindinaiwale.

MLIMI SATAYA MUNDA CHIFUKWA CHA MAPANDO OCHEPA

Inu nonse ndinu alimi. Mukabzala chimanga, pakapita masiku ochepa muyendera munda mzere ndi mzere. Pena mupeza kuti mbewu sidamere, kapena mbewa zidafukula, kapena madzi adakokolola. Kodi mutani? Kodi mulima munda wonse kachiwiri? Kodi mudikira chaka chamawa? Iyayi. Mutenga mbewu pang'ono m'kambale, mupita pa phando lenilenilo pamene pali mpata, ndi kupakiza, mvula ikadagwa, chinzake chikadali chaching'ono. Mukachedwa, chopakizacho chiphimbidwa ndi mthunzi wa chinzake, ndipo sichibereka kanthu.

Maphunziro a mwana ali chimodzimodzi. Mutu wa mwana ndi munda, ndipo palibe mwana amene mbewu zonse zimera. Wina ali ndi mpata pa kugawa nambala, wina pa kuwerenga Chingerezi, wina pa kulemba chimangirizo. Maphunziro othandiza ana otsalira ndiko kupakiza kwathu. Mlimi wanzeru adziwa zinthu zitatu: apakiza pamene pali mpata pokha, apakiza msanga, ndipo apakiza m'munda momwemo. Gwirani zitatu zimenezi, pakuti nkhani yanga yonse yagona pamenepo.

MIPATA ICHOKERA KUTI?

Sukulu si chinthu chachilendo m'mapiri muno. Mishoni ya Matandani idayamba mu 1908, ndipo agogo athu ena adaphunzira kumeneko kuwerenga ndi ntchito zamanja. Neno idakhala boma paokha mu 2003, pamene idapatulidwa ku Mwanza, ndipo pa kalembera wa 2018 tidapezeka anthu oposa 138,000. Kuyambira kwa Dambe mpaka kwa Symon, makolo afuna ana awo aphunzire. Nanga mipata ibwera bwanji?

Choyamba ndi kuchuluka kwa ana. Mu 1994 Boma lidathetsa fizi ku pulayimale. Chaka chimenecho ana a sukulu adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino ndithu, pakuti mwana wa mmphawi adalowa m'kalasi. Koma walira mvula walira matope. Zipinda ndi aphunzitsi sizidachuluke mofanana ndi ana. Boma lifuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana osapitirira 60, koma m'makalasi ang'onoang'ono ambiri muli ana oposa pamenepo. Mphunzitsi wotere sangathe kuyendera mzere uliwonse.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Mwana aphunzira zambiri m'Chichewa m'makalasi oyamba, ndipo pofika Sitandade 5 maphunziro asanduka a m'Chingerezi. Ngati Chingerezi chake sichidakhwime, ayamba kuloweza mau amene sawamva. Angathe kukhoza mayeso ena ndi kuloweza, koma ku koleji kuloweza sikupulumutsa munthu.

Chachitatu ndi sukulu zathu za sekondale zoyendera. Kale zinali malo ophunzirira mwa makalata, ntchito imene idayamba mu 1965. Cha kumapeto kwa 1998 Boma lidazisandutsa sukulu za sekondale za m'madera, zimene tizitchula kuti CDSS. Ana ambiri a kumudzi aphunzira m'sukulu zimenezi. Koma zambiri zidayamba popanda labotale, popanda nyumba ya mabuku, ndiponso ndi aphunzitsi ochepa a sayansi ndi masamu. Mwana adziwa dzina la chida cha sayansi, koma sadachigwirepo ndi dzanja lake.

Chachinayi ndi masiku otayika. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona. Ana ena adabwerera mu Seputembala, ena mu Okutobala. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adaimitsanso sukulu m'maboma a kummwera, Neno ili momwemo. Ana amene anali ku pulayimale nthawi imeneyo ndi amene ali kukwera ku sekondale ndi ku koleji m'zaka zino, atasenza mipata yawo. Koma tisaloze mliri ndi namondwe zokha. Mtsinje ukadzaza mwana sapita ku sukulu, izo tizimvetsa. Nanga tsiku la msika? Nanga nyengo yokumba mbatata, yomweta tirigu ndi yothyola manachesi? Mwana akajomba masiku awiri mlungu uliwonse, pa chaka wataya miyezi. Amene timtuma ndife tomwe.

CHIPATA CHA KOLEJI

Tsono mumve za kumene ana athu apita. Yunivesite ya Malawi idatsegulidwa mu 1965 ndi ophunzira 90 okha. Lero mayunivesite a Boma alipo 6: ya Malawi ku Zomba, ya Mzuzu, ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda, ya sayansi ya MUST ku Thyolo, ya zaumoyo ya KUHeS, ndi ya MUBAS ku Blantyre. Ziwiri zomalizazi zidaima pazokha mu 2021. Palinso makoleji a aphunzitsi, a anamwino ndi a ntchito zamanja. Kuti mwana aganiziridwe ku yunivesite ya Boma, ayenera kukhala ndi makirediti 6 pa MSCE, chimodzi mwa izo Chingerezi, ndipo kusankha kuchitika kudzera ku bungwe la NCHE. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Chotero mwana wa ku Nsambe akalowa pa chipata chimenechi, dziwani kuti si wopusa. Wapambana anzake ambirimbiri.

Koma m'katimo apeza moyo wina. Alowa m'chipinda chachikulu cha anthu mazana. Wophunzitsa alankhula Chingerezi mofulumira, ndipo salemba zonse pabolodi. Amuuza kuti akawerenge yekha mabuku atatu, alembe maganizo ake, atumize pa kompyuta. Mnzake wa pambali adachokera ku sukulu yogonera komweko ya labotale yabwino, ndipo kompyuta adayamba kuigwira ali mwana. Onse awiri ali ndi nzeru, koma wina wayamba ulendo atadya, wina ndi njala. Pamenepo mpata waung'ono wa Fomu 2 usanduka chigwembe.

NJIRA YAKALE NDI KULEPHERA KWAKE

Kuyambira kale mankhwala athu a mwana wotsalira akhala amodzi: abwereze. M'sukulu za pulayimale m'dziko muno, pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi kapena asanu abwereza kalasi chaka chilichonse. Taganizani. Mwana walephera chifukwa sadziwa kuchulukitsa nambala. Timbweza m'kalasi yomweyo, amva zonse zija kachiwiri, mwa njira yomweyo, pakati pa ana ambiri omwewo, ndipo kuchulukitsa kuja palibe amene akhala naye pansi kumuonetsa. Uku ndi kulima munda wonse kachiwiri chifukwa cha mapando khumi. Mwana akula, achita manyazi kukhala ndi ang'ono ake, ndipo mapeto ake asiya. Mtsikana akwatiwa, mnyamata alowera ku Joni.

Musaganize kuti vuto limeneli ndi la ife tokha. Ku America, dziko lolemera, makoleji ambiri anali ndi chizolowezi chotere: wophunzira watsopano amuyesa mayeso a tsiku limodzi, ndipo akapanda kukhoza amuika m'makalasi obwereza za ku sekondale, mwina atatu otsatizana, asanaloledwe kuyamba maphunziro enieni. Makalasi amenewo ankalipira ndalama, koma sankawerengedwa pa digiri. Mu 2010 akatswiri a pa yunivesite ya Columbia adasindikiza zimene adapeza atatsata ophunzira ambirimbiri. Mwa amene adatumizidwa kukabwereza masamu, mmodzi yekha mwa atatu ndiye adamaliza makalasi onsewo. Chodabwitsa ndi ichi: ochuluka sadasiye chifukwa cholephera mayeso. Adangotopa panjira, osalembetsa kalasi yotsatira. Njira idatalika, ndalama zidatha, mtima udagwa.

ZIMENE ENA ADAYESA

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tione zimene anzathu adachita ataona kuti njira yakale ili kutaya ana.

Choyamba, kupeza mpata weniweni. Anansi athu a ku Zambia adayamba mu 2016 ntchito yotchedwa Catch Up, m'sukulu 80 za m'maboma a Chipata, Katete, Monze ndi Pemba. Nzeru yake idachokera ku India, ku bungwe la Pratham. Mphunzitsi akhala ndi mwana mmodzimmodzi wa Giredi 3 mpaka 5, namuyesa mwachidule: kodi adziwa malembo okha, kapena mau, kapena angathe kuwerenga nkhani? Atatero awagawa m'magulu monga mwa zimene adziwa, osati monga mwa kalasi kapena msinkhu. Kwa ola limodzi pa tsiku gulu lililonse liphunzira chimene lisowa, m'chilankhulo cha kwawo, pogwiritsa ntchito timitengo, makadi ndi masewera. Ku Chipata ndi ku Katete chilankhulo chake ndi chathu chomwechi. Ntchito idaoneka yabwino, ndipo Boma la Zambia lidaifalitsa ku sukulu zina zambiri. Ku California nakonso adakhazikitsa lamulo mu 2017 lakuti makoleji aziyang'ana m'mene mwana ankakhozera zaka zake za ku sekondale, osamuweruza ndi mayeso a m'mawa umodzi.

Chachiwiri, kupakiza m'munda momwemo. Mu 2015 makoleji a m'madera a ku Tennessee, ku America komweko, adaleka kutsekera ophunzira panja. Wophunzira wofooka pa masamu alowa kalasi yeniyeni ya koleji pamodzi ndi anzake, koma apatsidwa maola ena apadera mlungu uliwonse. Pa maola amenewo aphunzira chimene chifunika pa phunziro la mlungu womwewo. Ngati mawa kuli phunziro lofuna tizigawo ta nambala, lero akumbutsidwa tizigawo. Kale, mwa ophunzira 100 oyamba ndi makalasi obwereza, pafupifupi 12 okha ndiwo ankakhoza masamu a koleji m'chaka choyamba. Njira yatsopano itayamba, okhoza adaposa theka.

Chachitatu, kuphunzira pagulu. M'zaka za m'ma 1970, mphunzitsi wa masamu wotchedwa Uri Treisman, wa pa yunivesite ya ku Berkeley, adafuna kudziwa chifukwa chake ophunzira ena anzeru ankalephera. Adayang'anitsitsa m'mene ankawerengera. Adapeza kuti olepherawo ankalimbikira ndithu, koma aliyense payekha m'chipinda chake. Okhozawo ankayamba payekha, kenaka nkukumana madzulo, kufunsana, kutsutsana ndi kukonzana zolakwa. Tsono iye adayambitsa magulu ophunzirira pamodzi. Sadawatche magulu a ofooka, ndipo sadawapatse masamu ofewa. Adawapatsa ovuta, kuti alimbane nawo pamodzi, ndipo ambiri adayamba kukhoza. Makolo athu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga.

Chachinayi, chaka cha maziko. Nthawi zina mipata ichuluka kotero kuti maola ochepa sakwanira. Ku South Africa mayunivesite ambiri ali ndi njira yakuti digiri ya zaka 3 ichitike m'zaka 4, maphunziro a chaka choyamba atatambasulidwa ndi kulimbitsidwa, ndipo boma lawo lakhala likuthandizapo ndi ndalama kuyambira 2004. Kwathu kuno, mwana wochokera ku Fomu 4 amene wasankhidwa kukaphunzira udokotala ku KUHeS ayamba wachita chaka cha maziko, cha bayoloje, kemisitiri, fizikisi, masamu ndi luso la kulankhula ndi kulemba. Kusiyana kwake ndi kubwereza ndi uku: iye ali kale m'kati mwa sukulu, njira yake ioneka, ndipo adziwa kumene ali kupita.

CHENJEZO

Sindifuna kukunamizani kuti tapeza mankhwala ochiza zonse. Akatswiri ena atatsata ophunzira a ku Tennessee aja kwa zaka zingapo, adapeza kuti ngakhale ambiri adakhoza masamu a chaka choyamba, chiwerengero cha omaliza maphunziro onse sichidasinthe kwenikweni. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Mwana sagwa ndi masamu okha. Agwa ndi njala, ndi lendi ya nyumba, ndi matenda a kumudzi, ndi kusungulumwa. Wophunzira amene wagona ndi madzi okha m'mimba sangamve phunziro, ngakhale wophunzitsa akhale katswiri wotani.

Nchifukwa chake mu 2015 Boma lidakhazikitsa bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite. Ngongole imeneyi sibwera yokha. Mwana ayenera kupempha pa nthawi yake ndi kulemba zoona. Ndipo ndi ngongole ndithu: akayamba ntchito abweze, kuti mng'ono wake adzapeze pobwereka.

NANGA IFE A KU NSAMBE TICHITENJI?

Ku Zomba ndi ku Blantyre ndi kutali, koma munda uyambira pano. M'mera mpoyamba.

Inu aphunzitsi anzanga a ku pulayimale: kuyambira 2016 tiri ndi ntchito ya Boma yolimbikitsa kuwerenga m'makalasi oyamba. Tiigwire ndi manja awiri. Pa chiyambi cha teremu khalani ndi mwana aliyense mphindi zochepa, mumve m'mene awerengera, ndipo mulembe m'kope. Amene atsalira muwapatse nthawi yapadera, m'magulu ang'onoang'ono, pa chinthu chenicheni chimene asowa. Musawatche mbuli, ndipo musawakhazike kumbuyo. Thandizo limeneli lisakhale la malonda, pakuti mwana wosowa thandizo kwambiri ndiye kawirikawiri alibe ndalama.

Inu a ku sekondale: ndapota nanu, musachite chimene ine ndidachita. Ngati mutu wina sudaphunzitsidwe, musaubise pansi pa mafunso a zaka zakale. Uzani ana poyera kuti apa sitidafikepo. Gwirizanani ndi sukulu yoyandikana nayo, mubwerekane mphunzitsi wa masamu kapena zida za sayansi. Mwana wa Fomu 1 akafika, muyeseni kuwerenga ndi masamu a pulayimale mlungu woyamba womwewo, osadikira kuti alephere mu Fomu 2. Ndipo muwazoloweze kulemba maganizo awo m'Chingerezi chawochawo, ngakhale chikhale chothyokathyoka poyamba.

Inu makolo: sikofunika kuti mudziwe Chingerezi kuti muthandize mwana. Mfunseni madzulo kuti akuwerengereni chimene walemba. Mukaona ali kudodoma, pitani mukaonane ndi mphunzitsi, osadikira kutha kwa chaka. Mpatseni nthawi yowerenga kukadali kowala. Mtsikana asakhale yekha wotunga madzi ndi wophika, mlongo wake ali pa buku. Ndipo mwana wanu wa ku koleji akakuuzani kuti zili kumvuta, musamkalipire kuti tidagulitsa mbuzi chifukwa cha iwe. Akaopa mau amenewo adzabisa mpaka madzi atafika m'khosi.

Inu mafumu ndi a komiti ya sukulu: pakati pa mayeso a MSCE ndi tsiku lopita ku koleji papita miyezi yambiri. Nthawi imeneyo ana athu angokhala, ndipo zimene adaphunzira zichita dzimbiri. Bwanji tipemphe chipinda chimodzi pa sukulu, kuti masiku awiri pa mlungu azikumanamo? Ana athu amene ali kale ku koleji akabwera pa tchuthi, awaonetse ang'ono awo mabuku a chaka choyamba, ndi kuwauza zimene adzakumana nazo. Alipo aphunzitsi opuma ntchito m'midzi muno. Alipo a zaumoyo ndi alangizi a zaulimi amene adadutsa m'makoleji, ndipo ena ali ndi kompyuta. Tikawapempha mwaulemu ola limodzi, ambiri sadzakana. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Namwino amene adzakulandireni pa chipatala mawa angakhale mwana amene mwamthandiza lero.

Inu ana athu: mukafika ku koleji, mlungu woyamba womwewo funani anzanu atatu kapena anayi ophunzira nawo pamodzi. Musasankhe a kwanu okha. Khalani kutsogolo m'kalasi. Wophunzitsa akanena kuti izi mudazichita kale, inu musanazichite, mtsateni pa khomo la ofesi yake tsiku lomwelo, ndipo mumuuze zoona. Safunsa adadya phula. Kuchokera ku sukulu yopanda labotale si tchimo, ndipo si chinthu chochititsa manyazi. Manyazi a mphindi imodzi aposa kubwera kwanu usiku ndi kalata m'thumba.

Kwa akuluakulu a makoleji, ngati mau awa adzafika kwa iwo, pempho lathu ndi ili. Mwana wa kumudzi akafika, mpimeni msanga kuti mudziwe pamene pali mpata, osati kuti mumchotse koma kuti mumthandize. Thandizo likhale pambali pa maphunziro ake enieni, m'miyezi yoyamba, mayeso asanamgwetse. Ophunzira a zaka zapamwamba angathe kutsogolera magulu ang'onoang'ono. Ndipo muziwerenga, chaka ndi chaka, kuti mwa ana ochokera ku sukulu zoyendera amene mudalandira, ndi angati adamaliza. Mlimi sanyadira mbewu zimene adabzala. Anyadira zimene zalowa m'nkhokwe.

MAU OTSIRIZA

Mafumu ndi makolo, mwana mmodzi akafika ku koleji, anthu ambiri avutikira: mayi amene adamphikira phala zaka 12, bambo amene adagulitsa ziweto, aphunzitsi, ndi Boma limene lidalipira zonsezo ndi misonkho yanu. Kumtaya pa khomo lomaliza chifukwa cha mapando ochepa amene tikadatha kupakiza ndi kutaya kwakukulu.

Tisanabalalike, ndipempha zinthu ziwiri. A komiti ya sukulu iliyonse akhale pansi ndi mphunzitsi wamkulu mwezi uno, alembe maina a ana amene afuna thandizo, ndi tsiku ndi ola limene thandizolo lizichitika. Ndipo nyakwawa iliyonse idziwe ana a m'mudzi mwake amene ali ku koleji, ndi kuwafunsa akabwera pa tchuthi kuti maphunziro ali kuyenda bwanji. Ine ndidzabweranso teremu ikudzayi kudzaona makope amenewo, ndipo tidzawerengera pamodzi ana amene asuntha.

Mwandimvera nthawi yaitali, dzuwa lapendeka, ndipo ena muli ndi mitsinje yoti muoloke. Muyende bwino.